Mwatifunsa: Anamwino Anaphunzira Kuthetsa Ululu, Nanga Wodwala Akubuulirabe Chiyani?

Makalata a mwezi uno ndi okhudza chisamaliro cha anthu odwala matenda osachiritsika, chomwe achipatala amachitchula kuti palliative care, makamaka kumene ndalama, mankhwala ndi antchito n'zoperewera. Oyankha ndi anamwino, madokotala ndi odziwa za mankhwala omwe amaphunzitsa ntchitoyi. Milingo yomwe taitchula ndi ya odwala akuluakulu, ndipo tikuuza ogwira ntchito zachipatala. Wodwala kapena womudwazika asasinthe mlingo wa mankhwala asanafunse amene anamulembera.

Funso: Bambo anga ali ndi khansa ya pammero ndipo adokotala atitumiza ku gulu la palliative care. Atsibweni anga akuti zikatere ndiye kuti achipatala atitaya, tingonyamula wodwala tizikadikira kunyumba. Kodi n'zoona? Ndine mwana wodwazika bambo ake.

Yankho: Pepani ndi matendawo. Zomwe akunena atsibweni anu amaganiza anthu ambiri, koma sizili choncho, ndipo tikukupemphani kuti mupite nawo bambo tsiku lomwe mwapatsidwalo.

Matenda akakhala osachiritsika sikuti zochita zatha. Ululu umathetsedwa, nseru imachepa, chilonda chimasamalidwa, wobanika amapumako bwino, ndipo banja limauzidwa zomwe zikubwera kuti lisadzadzidzimuke. Mayi Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice, nyumba yosamalira odwala matenda osachiritsika, ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu wotere sukhala m'thupi mokha. Muli mantha, muli nkhawa ya ana odzatsala, muli ngongole, muli mafunso omwe munthu amafunsa Mulungu pakati pa usiku. Gulu lodziwa ntchito yake limafunsa zonsezi, ndipo lidzafunsanso za inu amene mukudwazika.

Chisamalirochi sichiletsanso mankhwala a khansa, zimayendera limodzi. Mu 2010 madokotala a ku Massachusetts General Hospital ku Boston anafalitsa kafukufuku wa odwala 151 a khansa ya m'mapapo yomwe inali itafalikira kale. Omwe anayamba kulandira chisamalirochi molawirira, pamodzi ndi mankhwala a khansa, ankapeza bwino kuposa anzawo, sankavutika maganizo kwambiri, ndipo mwapakatikati anakhala ndi moyo miyezi 11.6 pomwe enawo anakhala miyezi 8.9. Sitikunena kuti zidzatero kwa wodwala aliyense. Tikungoti kupita kumeneko sikufupikitsa moyo wa bambo. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 56.8 miliyoni amafunika chisamalirochi chaka chilichonse, a khansa, a Edzi, a mtima, a impso, ofa ziwalo ndi ana omwe, koma amachipeza ndi 14 okha pa 100 alionse. Bambo anu apatsidwa chinthu chomwe ambiri amamwalira asanachione.

Funso: Chaka chatha ndinachita maphunziro a palliative care a masiku 5, satifiketi ndili nayo. Koma mpaka lero pachipatala chathu chaching'ono palibe chomwe chayambika, ndipo zambiri ndayamba kuiwala. Ndinalakwitsa pati? Ndine namwino.

Yankho: A namwino, simunalakwitse inu. Analakwitsa ndi amene anaganiza kuti maphunziro paokha amabala ntchito. Kalata yanu ndiyo tikuitenga ngati mutu wa makalata onse a mwezi uno, chifukwa zomwe mwafotokozazi zimachitika m'mayiko ambiri: mazanamazana a antchito amalandira masatifiketi, koma odwala m'mawodi akubuulabe usiku wonse.

Njira yomwe Jan Stjernswärd ndi anzake anakonza ku WHO imaima pa zinthu 4: lamulo ndi ndondomeko ya boma, kupezeka kwa mankhwala, maphunziro, ndi ntchito yeniyeni yofikira wodwala. Zinthuzi ziyenera kukumana pachipatala chimodzi, nthawi imodzi. Wophunzira akabwerera n'kupeza kuti mu famase mulibe morphine, mankhwala amphamvu othetsa ululu waukulu, zomwe anaphunzira zimazilala m'miyezi yochepa. Morphine akakhalapo koma lamulo likuti womulemba ndi dokotala yekha, pomwe dokotalayo ali pa mtunda wa ulendo wa tsiku lathunthu, botolo limangokhala m'kabati mpaka kutha mphamvu. Dziko la Uganda linaona vutoli, ndipo mu 2004 linasintha lamulo kuti anamwino ndi ma clinical officer omwe amaliza maphunziro apadera a miyezi 9 azilembera odwala morphine. Kusintha kumeneku ndiko kunafikitsa mankhwalawa kutali ndi zipatala zazikulu.

Maphunziro enieni ali m'magawo atatu. Gawo loyamba, la maola 20 mpaka 40, ndi la aliyense wokhudza wodwala: kuyeza ululu, kupereka morphine wakumwa, kuthana ndi kudzimbidwa ndi nseru, kulankhula ndi banja. Lachiwiri, la maola 60 mpaka 80, ndi la omwe amakumana ndi odwala otere tsiku ndi tsiku, monga a m'mawodi a khansa, a Edzi ndi a ana. Lachitatu ndi la akatswiri, la miyezi ingapo kapena kuposa, ndipo amenewa ndi omwe amayang'anira ndi kuphunzitsa ena. Inu mwachita gawo loyamba, koma mwaphonyedwa chinthu chomwe ife timachiona kuti n'chofunika kuposa kalasi: kugwira ntchito pambali pa munthu wozolowera, kwa masabata awiri ngakhale, mukuona wodwala weniweni akuyambitsidwa morphine, mawa lake mukubwerera kukaona ngati wagona tulo. Mantha a morphine sachoka ndi zolemba za pa bolodi. Amachoka munthu akaona ndi maso ake wodwala yemwe dzulo amagubuduzika lero wakhala tsonga akumwa madzi.

Cholakwika china ndi kutumiza munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Pachipatala chilichonse aphunzire anthu osachepera atatu nthawi imodzi: wolembera mankhwala, namwino, ndi wa ku famase. Wa ku famase amaiwalidwa kawirikawiri, chonsecho ndi amene amasunga kiyi, ndipo akakhala kuti amaopa apolisi kuposa mmene amamverera chisoni wodwala, mankhwalawo satuluka. Palinso vuto la kusamutsa antchito. Wophunzira amapititsidwa ku wodi ya amayi oyembekezera patangotha miyezi iwiri, ntchito n'kufera pomwepo. N'chifukwa chake timalimbikira kuti phunziroli lilowe m'sukulu za unamwino ndi udokotala, lizifunsidwa pa mayeso, kuti aliyense azituluka nalo, osati kudalira misonkhano yomwe imatha thandizo la mabungwe likatha.

Zoti muchite sabata ino ndi izi. Lembani m'kope mayina a odwala omwe mukuwadziwa kale kuti ali ndi matenda osachiritsika ndipo akumva ululu. Pitani nalo kopelo kwa wamkulu wa chipatala mupemphe theka la tsiku pa sabata, lolembedwa pa ndandanda ya ntchito. Funsani ku famase ngati chipatala chanu chili ndi chilolezo chosunga morphine, ndipo ngati chilibe, pakufunika fomu yanji. Kenako pezani nambala ya foni ya gulu la palliative care la chipatala chachikulu chapafupi, muziimba mukakhala ndi wodwala wovuta. Yambani ndi odwala 5. Akuluakulu amamva msanga mayina a anthu kuposa pempho lopanda nkhope.

Funso: Morphine wakumwa tili naye, koma ndimaopa kumulemba. Kusukulu anatiuza kuti amaletsa kupuma ndipo munthu amasanduka kapolo wake. Abale a odwala nawonso amati ndi mankhwala omalizitsa munthu. Ndiyambe bwanji mosaika moyo pachiswe? Ndine clinical officer.

Yankho: Yambani ndi kufunsa wodwala, musanagwire cholembera. Pakupweteka ndi pati, kuyambira liti, kukupweteka motani: kubaya, kuphwanya, kuotcha, kapena kuthamanga ngati magetsi? Chimawonjezera ululu n'chiyani? Akugona tulo? Kenako muonetseni dzanja: chibakera ndiye kuti palibe ululu, zala zonse 5 ndiye ululu wosapiririka. Lembani nambalayo m'fayilo nthawi iliyonse mukamuona, chifukwa ndi imene idzakuuzeni ngati mankhwala akugwira.

Makwerero a mankhwala a ululu omwe WHO inatulutsa mu 1986 akugwirabe ntchito. Ululu wochepa, paracetamol 1 g maola 6 alionse, osapyola 4 g pa tsiku, kapena ibuprofen 400 mg katatu pa tsiku atadya, koma osati kwa wodwala impso kapena zilonda za m'mimba. Ululu wapakati, codeine kapena tramadol, tramadolyo osapyola 400 mg pa tsiku. Ululu waukulu, morphine. Wodwala wa khansa amene wakuonetsani zala 4 kapena 5 musamuchedwetse masabata pa tramadol, pitani pa morphine wochepa. Ndipo musaphatikize codeine kapena tramadol ndi morphine.

Wamkulu amene sanamwepo mankhwala a mtundu umenewu ayambe ndi 2.5 mg kapena 5 mg maola 4 alionse, motsata wotchi, osadikira kuti ululu ubwerere. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amalemba kuti amwe "akamva kupweteka", wodwala n'kumakhala akuthamangitsana ndi ululu tsiku lonse. Morphine wamadzi amagwira pafupifupi maola 4, choncho mlingo wotsatira uzipeza woyamba usanathe. M'malo ambiri amamwetsa 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo, ndipo 10 koloko usiku amapereka mlingo wowirikiza kawiri kuti wodwala asadzutsidwe 2 koloko ya usiku.

Ululu ukabuka pakati, apatsidwe mlingo wowonjezera wofanana ndi wa maola 4 uja, ndipo wodwazika alembe kachizindikiro papepala. Pakatha maola 24, werengani. Amene akumwa 5 mg maulendo 6 wamwa 30 mg. Ngati wawonjezera katatu, ndi 15 mg ina, zonse 45 mg. Gawani ndi 6, mlingo watsopano ndi 7.5 mg maola 4 alionse. Morphine alibe mlingo womalizira ngati paracetamol. Mlingo woyenera ndi umene wathetsa ululu wodwala ali maso, akuyankhula bwinobwino.

Tsiku lomwe mwalemba morphine lembaninso mankhwala ofewetsa chimbudzi, monga bisacodyl 5 mg mpaka 10 mg usiku, kapena senna, pokhapokha ngati wodwala akutsegula m'mimba. Kudzimbidwa kumagwira pafupifupi aliyense ndipo sikutha ndi kuzolowera. Odwala ena amasiya morphine chifukwa cha chimbudzi chomwechi. Nseru imabwera kwa ena masiku oyambirira n'kutha yokha pasanathe sabata. Metoclopramide 10 mg katatu pa tsiku kapena haloperidol 1.5 mg usiku zimathandiza. Tulo tambiri masiku awiri kapena atatu oyamba si zodabwitsa, makamaka kwa munthu amene wakhala masabata osagona. Auzeni abale izi zisanachitike, apo ayi adzataya botololo.

Ngozi yeniyeni ili pawiri. Poyamba, kusokoneza mg ndi ml. Morphine wamadzi amabwera wa mphamvu zosiyana: wa 5 mg mu 5 ml, ndi wa 50 mg mu 5 ml, wamphamvu kakhumi. Ku Uganda wofookayo amamuthira mtundu wobiriwira, wamphamvuyo wofiira, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga asasokoneze. Lembani zonse ziwiri, mg ndi ml, perekani sirinji yopanda singano mutaijambula mzere pofika mlingo, ndipo wodwazika ayeseze kukoka pamaso panu. Masipuni a kunyumba ndi osiyanasiyana kukula, musawadalire. Kachiwiri, impso. Zotsalira za morphine zimatuluka kudzera mu impso, ndiye kwa okalamba, ofooka kwambiri, osowa madzi m'thupi ndi odwala impso, zimaunjikana. Amenewa yambani ndi 2.5 mg kapena kucheperapo, ndipo talikitsani nthawi kufika maola 6 kapena 8. Zizindikiro zoti mankhwala achuluka ndi kugona kosadzutsika, kubwebweta, kuona zinthu zomwe palibe, ndi minofu kumangodzidzimuka yokha. Mukaona izi dumphitsani mlingo umodzi kapena iwiri, mumwetseni madzi, muyambirenso ndi wochepa. Naloxone, mankhwala obweza mphamvu ya morphine, ndi wa pamene kupuma kwatsika pansi pa maulendo 8 pa mphindi ndipo wodwala sakudzuka, ndipo amaperekedwa pang'onopang'ono atasungunulidwa, chifukwa wambiri nthawi imodzi amabwezeretsa ululu wonse mwankhanza. Mukakwera mlingo pang'onopang'ono monga tafotokozera, izi sizichitika kawirikawiri.

Ululu wina morphine saugwira bwino payekha. Wa mitsempha, wootcha kapena wochita dzanzi, umafuna amitriptyline 12.5 mg mpaka 25 mg usiku. Wa mafupa umafuna ibuprofen pambali, ndi radiotherapy, kuotcha chotupa ndi cheza cha makina, kumene ilipo. Wodwala khansa amene msana ukumupweteka, miyendo yayamba kufooka kapena mkodzo ukumuvuta, ameneyo musamuwonjezere morphine chabe: chotupa chikhoza kukhala chikupanikiza mtsempha waukulu wa msana. Mpatseni dexamethasone 16 mg ndi kumutumiza tsiku lomwelo. Pethidine musamugwiritse ntchito pa ululu wokhalitsa. Amatha msanga, ndipo zotsalira zake zimatha kuyambitsa khunyu.

Za ukapolo, thupi limazoloweradi morphine, n'chifukwa chake sasiyidwa mwadzidzidzi koma kuchepetsa pang'onopang'ono ululu ukatha. Kumeneko n'kosiyana ndi chibaba cha munthu wofuna kuledzera nawo, chomwe sichionekaoneka mwa odwala khansa omwe akuyang'aniridwa bwino. Mbiri yoti ndi mankhwala omalizitsa munthu inabwera chifukwa cha ife achipatala: timadikira mpaka wodwala watsala maola ochepa ndiye n'kumupatsa, akamwalira abale n'kuloza botolo. Muyambitseni akadali ndi miyezi, abale aone akudya ndi kucheza, mbiriyo idzasintha.

Funso: Nthawi zina morphine amatithera kwa miyezi, nthawi zina amatha mphamvu ali pa shelefu. Ndiziitanitsa wochuluka bwanji? Ndine wa ku famase.

Yankho: Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi: kuitanitsa potengera zomwe zinatuluka mwezi wathawu. Ngati mwezi wathawo munalibe morphine kwa masabata atatu, kaundula wanu aonetsa kuti odwala anamwa wochepa, mudzaitanitsa wochepa, adzathanso msanga. Zomwezi zimachitika ku dziko lonse. Pansi pa pangano la mayiko la 1961 la mankhwala ozunguza bongo, boma lililonse limatumiza ku bungwe loyang'anira mankhwalawa la INCB ku Vienna chiyerekezo cha morphine amene lidzafune chaka chotsatira, pofika pa 30 June, ndipo silingaitanitse kupyola pamenepo popanda kupempha kuwonjezera. Chiyerekezo chikachokera pa manambala a zipatala zomwe zinali zopanda mankhwala, kusowako kumadzibereka chaka ndi chaka. Lipoti la Lancet Commission la 2017 linapeza kuti pa matani 298.5 a mankhwala a gulu la morphine omwe amagawidwa padziko lonse pa chaka, mayiko osaukitsitsa amalandira 0.1 ya tani yokha.

Werengani kuchokera kwa odwala. Mwachitsanzo, odwala 20 omwe aliyense akumwa pafupifupi 60 mg pa tsiku afuna 1,200 mg pa tsiku, 36,000 mg pa mwezi. Mukakhala ndi wofooka yekha wa 1 mg pa ml, amenewo ndi malita 36, ndipo wodwala mmodzi anyamula pafupifupi malita awiri pa mwezi. N'chifukwa chake pamafunika mphamvu zonse ziwiri. Onjezerani wa mwezi umodzi wosungira, ndipo mu lipoti lanu lembani masiku omwe munalibe mankhwala ndi chiwerengero cha odwala omwe anabwerera chimanjamanja. Akatha mphamvu pa shelefu, vuto lili ku wodi, palibe akulemba. Pitani mukakambirane ndi olembera mankhwala, ndipo amene watsala pang'ono kutha mutumizeni ku chipatala china ndi makalata oyenera.

Kabati yokhoma, kaundula wolembedwa botolo lililonse, anthu awiri owerengera limodzi zotsala, ndi kubweza wotsala wodwala akamwalira, zimenezi n'zokwanira kuteteza mankhwala. Malamulo opyola apa amapweteka odwala. India itakhwimitsa lamulo mu 1985, zipatala zinafunika zilolezo zingapo zomwe china chinkatha china chisanatuluke, ndipo morphine wa m'zipatala anatsika ndi kuposa 90 pa 100 alionse, mpaka lamulolo linakonzedwa mu 2014. Morphine yekha si wodula. Dr Anne Merriman atayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, ankasungunula wa ufa ndi madzi, mankhwala oletsa kuwonongeka ndi mtundu, ndipo njira imeneyi ndi yomwe mayiko angapo a mu Africa anatengera.

Funso: Mayi anga ali ndi chilonda cha khansa ya m'mawere chomwe chikununkha kwambiri, moti adzukulu safuna kulowa m'chipinda. Mayi amangolira. Tingatani?

Yankho: Fungolo limachokera ku tizilombo tomwe timakhala m'minofu yakufa, si uve wa mayi, ndipo limatha. Wiritsani madzi okwana theka la lita, thiranimo supuni yaing'ono imodzi ya mchere, adikireni azizire, muzitsukira chilondacho mothira, osakhula. Pemphani achipatala mapiritsi a metronidazole, muwapere akhale ufa, muwaze pachilonda kamodzi kapena kawiri pa tsiku musanaphimbe ndi nsalu yoyera. Pakatha masiku awiri kapena atatu mudzamva kusintha. Nsalu ikamatirira musaikoke, inyowetseni kaye ndi madzi amchere aja mpaka ichoke yokha, apo ayi chilonda chimatuluka magazi. Ngati kutsukako kumawapweteka, apatseni mlingo wowonjezera wa mankhwala a ululu umene achipatala anawalembera kutatsala mphindi 30. Magazi akayamba, tsinikizani ndi nsalu kwa mphindi 10 osasuzumira, ndipo sungani pafupi nsalu zakuda kuti magazi asaopse mayi ndi ana. Ngati mayi sadzuka pabedi, muziwatembenuza maola awiri alionse. Fungo likachepa, aitaneni adzukuluwo alowe. Misozi ya mayi ikuchokera kumeneko kuposa pachilonda.

Funso: Mpingo wathu uli ndi anthu ongodzipereka omwe amayendera odwala m'makomo. Angathandize pa ntchito imeneyi popanda kukhala achipatala?

Yankho: Angathandize kwambiri, ndipo chitsanzo chodziwika ndi cha ku Kerala, ku India. Kumeneko Dr M. R. Rajagopal ndi anzake anayamba ndi kiliniki yaing'ono ku Calicut mu 1993, ndipo pofika 2001 panakhazikitsidwa Neighbourhood Network in Palliative Care, momwe anthu a m'dera amapeza okha odwala, kuwayendera ndi kusonkha thandizo, anamwino ndi madokotala n'kumabwera pambuyo pawo. Mu 2008 boma la Kerala linaika ntchitoyi m'ndondomeko yake.

Ongodzipereka aphunzitsidwe kusambitsa ndi kutembenuza wodwala, kutsuka m'kamwa, kufunsa ululu ndi zala, kuona ngati mankhwala akumwedwa pa nthawi yake, kumvetsera, ndi kusunga chinsinsi. Asasinthe mlingo, asabaye jakisoni, asauze wodwala za matenda ake m'malo mwa achipatala, ndipo asakakamize pemphero kwa amene sanalipemphe. Adziwe zoimbira foni nthawi yomweyo: ululu wa zala 4 kapena 5, masiku atatu opanda chimbudzi, kulephera kukodza, kusanza kosalekeza, kusokonezeka mutu kwadzidzidzi, magazi, ndi morphine wotsala wa masiku atatu okha. Magulu otere amafa pa chifukwa chimodzi chachikulu: kumbuyo kwawo kulibe namwino woyankha foni. Munthu akaona wodwala akuvutika katatu iye alibe chomuchitira, ulendo wachinayi sapitanso. Musanayambe, gwirizanani ndi chipatala kuti namwino wakutiwakuti ndiye wanu, ndipo muzikumana naye mwezi uliwonse.

Funso: Abale amandikokera pambali n'kunena kuti wodwala asauzidwe kuti sachira. Ndiwamvere? Ndine dokotala wongoyamba kumene ntchito.

Yankho: Amveni kaye chifukwa chake, pakuti akuchita zimenezo mwa chikondi ndi mantha. Kenako auzeni kuti simudzakakamiza wodwala kumva zomwe sakufuna, koma akakufunsani simudzamunamiza. Khalani pansi ndi wodwalayo pamalo a phee, mufunseni zomwe akudziwa kale, ndi ngati akufuna kumva zonse yekha kapena muuze wachibale amene iye wasankha. Ambiri amakhala akudziwa kale, akungosungira abale awo chinsinsi chomwe abalewo akuwasungiranso. Nenani pang'ono, m'mawu osavuta, khalani chete, mulole alire. Musanene kuti "palibe chomwe tingachite", nenani zomwe muchite lero ndi tsiku lomwe mudzaonanenso. Kubisa kuli ndi mtengo wake: banja limagulitsa katundu kufunafuna machiritso kwina, ndipo wodwala amamwalira asanakonze za ana ake.

Funso: Bungwe lina likufuna kutithandiza kumanga nyumba yapadera yogonekamo odwala otere. Ndine woyang'anira zaumoyo m'dera lalikulu lomwe lili ndi chipatala chimodzi chachikulu ndi zing'onozing'ono zambiri. Tivomere?

Yankho: Bwana, tikanakhala inu tikanapempha kuti ndalamazo zipite kwina. Nyumba ya mabedi 20 imasamala anthu 20, imafuna antchito usana ndi usiku, ndipo omangawo akapita bajeti yake imatsalira inu. Odwala ochuluka ali m'makomo ndi m'mawodi omwe muli nawo kale, ndipo ambiri amafuna kukhala kwawo. Msonkhano waukulu wa WHO mu 2014, m'chigamulo chake cha WHA67.19, unapempha mayiko kuti chisamalirochi chilowe m'zipatala za magawo onse, makamaka zing'onozing'ono ndi m'makomo, osati chiime pachokha.

Yambirani pachipatala chachikulu. Ikani namwino mmodzi ndi clinical officer mmodzi amene ntchito yawo ndi imeneyi basi, yolembedwa pa mndandanda wa maudindo kuti asamasunthidwe wodi ina ikachepa anthu. Apatseni kachipinda, foni, ndi mayendedwe a tsiku limodzi kapena awiri pa sabata. Onetsetsani kuti morphine, bisacodyl, amitriptyline, haloperidol, metoclopramide, dexamethasone ndi metronidazole sizikusowa. Zimenezi zikakhazikika, tengani zipatala zing'onozing'ono zitatu kapena zinayi, osati zonse nthawi imodzi: phunzitsani anthu atatuatatu, abwere adzagwire ntchito ndi gulu la pachipatala chachikulu, morphine afike sabata yomwe iwo akubwerera, ndipo gululo liziwayendera mwezi uliwonse kukaona odwala limodzi. Ana musawaiwale, chifukwa milingo yawo imatengera kulemera kwa thupi ndipo codeine saloledwa kwa iwo; pagulupo pakhale wina amene anaphunzira za ana. Antchitowa amaona imfa sabata iliyonse, choncho apatseni ola limodzi pa mwezi lokhala pansi kukambirana zomwe zawalemera, apo ayi mudzawataya.

Opereka thandizo adzakufunsani kuti mwaphunzitsa anthu angati. Yankhani, koma inu musadziyese ndi nambala imeneyo. Bungwe la African Palliative Care Association lili ndi fomu ya mafunso 10, asanu ndi awiri a wodwala ndi atatu a banja, yoyankhidwa ndi manambala 0 mpaka 5, yomwe imaonetsa ngati ululu ndi nkhawa zikutsika pakati pa ulendo woyamba ndi wotsatira. Pakatha miyezi 6, pitani nokha pa chipatala chaching'ono chilichonse mutsegule makaundula awiri. Mu wa ku famase muone masiku omwe morphine kunalibe ndi dzina la amene akumulemba. Mu wa odwala muone angati anabwera ndi zala 4 kapena 5, ndipo mwa amenewo, angati analembedwa zala ziwiri kapena kucheperapo pa ulendo wachiwiri.